Musachoke mita ya madzi ili m'dzina lanu

Mayi, popeza mwati mukuchoka ku Ndirande kumapeto kwa mwezi uno, ndikukupemphani kuti musanaganize za banki kapena za sukulu ya ana, muyambe mwafufuza kuti mita ya madzi ya nyumba imene mukuchokamoyo inalembedwa m'dzina la yani. Ndikulemba izi mtima ukundiwawabe, chifukwa ine ndinalipira madzi amene sindinamweko ngakhale dontho limodzi.

Ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba ya lendi ku Chilomoni. Pamene ndinkalowa, pamalopo panalibe mpopi, ndipo eninyumba anandinyengerera kuti ndikalembetse madzi ndine, ndalama zake tizichotsera pa lendi pang'onopang'ono. Ndinavomera chifukwa mayi akunyumba anali atatopa ndi kulawirira kukatunga kwa anthu. Mu 2022, titafolera kanyumba kathu ku Machinjiri, tinakweza katundu pa lole Loweruka m'mawa, ndinapereka makiyi, ndipo bambowo anandigwira dzanja nati, "Pitani bwino mwana wanga, Lolemba ndipita ndekha kukasintha dzina." Lolemba limenelo silinafike.

Ku Machinjiri tinkagula madzi pa kiyosiki pafupifupi chaka chathunthu uku tikusonkhanitsa ndalama zolumikizira athu. Zina mayi akunyumba anachita kukongola ku banki nkhonde ya amayi a kutchalitchi. Tsiku lopita kuofesi ya madzi tinanyamuka awiri, ndalama zili mu envelopu m'thumba la jekete, ndipo tinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka cha m'ma 11 koloko. Mlembi atalemba dzina langa pa kompyuta anakhala kaye chete, kenaka anatembenuzira kompyutayo kwa ine ndi kundifunsa mwaulemu ngati ndikuidziwa akaunti ya ku Chilomoni. Panali ngongole yoposa K200,000, ndipo anandifotokozera kuti ndiyambe ndathana nayo kaye ndisanapemphe mpopi wina. Ndinangoti kakasi, thukuta lili kamukamu, anthu a kumbuyo kwanga akusuzumira. Mayi akunyumba sanayankhule kanthu. Anangotuluka n'kukakhala pakhonde atagwira tsaya, chifukwa ankadziwa kuti Lachisanu lomwelo anayenera kuyamba kubweza ngongole ya mpopi umene sitinaupeze. Mlembiyo sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, pakuti dzina linali langa ndipo siginecha inali yanga.

Masana omwewo ndinakwera minibasi mpaka ku Chilomoni. Ndinapeza mpopi uli gwa, wouma, kaloko kadakali lendewera pakabokosi kachitsulo kamene ine sindinakasiyepo. Agogo ena oyandikana nafe kale ndiwo anandiuza zonse: amene analowa m'nyumbamo atatuluka ife ankagulitsa madzi pa ndowa, zigubu zinkandandalikana kuyambira mbandakucha, ndipo mabilu ankangowaponya kudzala chifukwa sanali m'dzina lawo. Madzi atadulidwa, anasamuka usiku. Nditapita kwa eninyumba, munthu amene ndinamulipira lendi zaka zisanu ndi chimodzi osaphonya mwezi, sanandipatse ngakhale mpando. Anaima pakhomo n'kundiuza kuti nkhaniyo ndi ya ine ndi a madzi, popeza dzina lawo silili papepala lililonse. Ankaona ndowa zija tsiku ndi tsiku, ankatolera lendi pakhomo lomwelo mwezi uliwonse, ndipo nambala yanga anali nayo, koma sanaone chifukwa choimbira foni. Mpaka lero ndikadutsa msewu umenewo mtima umandinyamuka. Envelopu ija inathera ku ngongole ya eni, ndipo tinatunganso pa kiyosiki miyezi ina isanu.

Ndiye chitani chonchi. Ngati mita ili m'dzina lanu, pitani nokha ku Blantyre Water Board ndi chiphaso chanu cha unzika, mukalipire zonse zotsala, mukapereke kalata yonena tsiku limene mukutuluka, ndipo kope lake alidinde musunge inu. Tsiku losamuka jambulani manambala a pamita ndi foni eninyumba ali pomwepo. Ngati ili m'dzina la eninyumba, jambulanibe, kuti asadzakunamizireni ngongole pofuna kukana kubweza dipoziti. Chimodzimodzi kumene mukupitako: musatsitse katundu musanaone bilu yomaliza, chifukwa anthu ambiri amalowa m'nyumba n'kupeza ngongole ya amene anatuluka.

Ku magetsi vuto ndi lochepa ngati mita ya ESCOM ndi ya mayunitsi, koma fufutani nambala yakale mufoni mwanu. Munthu ukazolowera kugula pa Airtel Money kapena pa Mpamba, chala chimangopita chokha ku nambala yakale, ndipo tokeni imagwira pa mita yokhayo imene unaigulira.

Ku banki mukawauze, chifukwa iwo amasunga mapu ojambula pamanja osonyeza kumene mumakhala, ndipo ngati muli ndi ngongole, kusamuka mwakachetechete kumaoneka ngati kuthawa. A banki nkhonde nawonso muwatsanzike pamsonkhano, osati pa WhatsApp pokha. Ngati makalata anu amadzera pa bokosi la ku positi ofesi la kuntchito kapena la mpingo, palibe chosintha pokhapokha mukuchokanso kumeneko. Kusukulu mukatenge kalata ya transifa kwa ahedi teremu isanathe. Kumpingo mukatenge kalata yosamukira, ndipo mukafika mukaonekere kwa amfumu kapena kwa mtsogoleri wa dera, chifukwa zovuta zikagwa pakhomo, funso loyamba limakhala lakuti kodi munthuyu timamudziwa.

Ine ndinalumbira kuti sindidzalembetsanso chinthu m'dzina langa pa malo a mwini, ndipo aliyense ndimamuuza zomwezo. Komabe ndinene chilungamo, bilu ya m'dzina langa ija ndiyo inandithandiza potsegula akaunti ku banki ndi pomwe ndinkapempha ngongole yogulira malata, choncho ngati eninyumba atsopanowo alola kuti mita ikhale m'dzina lanu, musakane msanga. Ndiponso musachoke ku Ndirande mutakangana ndi eninyumba, ngakhale akuvuteni pa dipoziti, ndipo musiye nambala yanu kwa mnansi mmodzi wokhulupirika. Agogo aja anandiuza misozi ili m'maso kuti anaona bilu yoyamba ili ndi dzina langa ikuuluka pabwalo, anaitola n'kuisunga m'Baibulo mwawo, koma analibe poimbira.