Mankhwala a mafangasi sayenda ngati zitenje

Achemwali, mwafunsa ngati mungamatengeko mankhwala a mafangasi ku Joni pamodzi ndi katundu wanu wa masiku onse, poti anthu akuwafuna. Zimatheka, koma mumayambira ku PMRA, bungwe loona za mankhwala. Popanda laisensi yawo ndi chilolezo cholowetsera katunduyo, a MRA akugwirani pa Mwanza ndipo mpamba wathera pomwepo. Ambirife timangonyamulira ma famase omwe ali ndi mapepala.

Kumene anthu amaluza ndi panjira, chifukwa cha kapangidwe ka mankhwalawa. Nystatin, uja amadonthezera m'kamwa mwa mwana mukachita zoyera, ndi amphotericin B wa dripi wa matenda oumitsa khosi, onse amapangidwa ndi mabakiteriya a m'dothi otchedwa Streptomyces. Nystatin anamupeza Elizabeth Hazen ndi Rachel Brown ku New York mu 1950; amphotericin anachokera m'dothi la kumtsinje wa Orinoco ku Venezuela.

Kapangidwe kawo ndi ka mkombero, mbali ina yokonda madzi, ina yokonda mafuta. Ya mafutayo ili ndi mndandanda wa maatomu a kaboni ogwirana mowirikiza, ndipo ndiyo imakakamira pa ergosterol, mtundu wa mafuta a pakhungu la fangasi, n'kuboola khungulo, zam'kati n'kutayika. Amphotericin ali ndi malo owirikiza 7 ondondozana. Wa nystatin mndandanda unaduka, 4 uku, 2 uko, n'chifukwa chake mphamvu yake ndi yocheperapo. Koma amphotericin amagwiranso cholesterol, mafuta a m'thupi mwathu ofanana ndi ergosterol, ndiye amavutitsa impso. Ameneyo ndi wa m'chipatala basi, musayerekeze kumugulitsa pamanja.

Mndandanda womwewo ndi umene suchedwa kuwonongeka ndi kuwala komanso kutentha. Amphotericin wamba, wa ufa wachikasu m'kabotolo, amafuna madigiri 2 mpaka 8. Tsono ganizirani basi itaima pa Nyamapanda masana, kenako dzuwa la ku Tete, katoni ili pansi pafupi ndi injini. Ikafika ku Blantyre imaonekabe bwinobwino, koma wa famase wodziwa ntchito sayang'ana katoni, amafunsa kuti kuzizira munakusunga bwanji, ndipo mukachita chibwibwi katunduyo ndi wanu.

Ine amphotericin ndimasiyira makampani a magalimoto afiriji. Inu yambani ndi nystatin, mumusunge m'katoni yake yotseka pamalo osatentha, ndipo musanalipire onani kuti mtunduwo unalembetsedwa ku PMRA komanso tsiku lothera ntchito lili patali.