Tifunseni: Pa mpikisano wa mfuti zitatu, ndiyambe ndi iti?

FUNSO: Akonzi, kwathu ndi ku Namwera m'boma la Mangochi, koma ntchito ndimagwirira ku Joni. Kumeneko ndinalowa kalabu ya masewera owombera chandamale, ndipo chaka chino ndikufuna kuyesa mpikisano wa mfuti zitatu: raifolo, chifefe ndi pisitolo. Pa magawo ena amakusiya usankhe wekha mfuti yoyambira. Anzanga akuti ndiziyamba ndi pisitolo poti ndi imene ndinaizolowera. Kodi akunena zoona? — Wowerenga, Namwera

YANKHO: Zikomo bambo. Anzanuwo akukufunirani zabwino, koma ife sitikugwirizana nawo. Kuzolowera mfuti si chifukwa choyambira nayo. Chimene chimalamula ndi mmene bwalo laikidwira, mpweya wanu, ndi kuchuluka kwa zipolopolo zimene mfuti iliyonse imanyamula.

Gawo lisanayambe, woyang'anira bwalo amawerenga malangizo: zandamale zilipo zingati, chiti chiwomberedwe ndi mfuti iti, poyambira ndi pati, potulira mfuti ndi pati. Akatero amapereka mphindi zochepa, kawirikawiri zisanu, kuti muliyendere bwalolo chimanjamanja. Tcherani khutu pamenepa, chifukwa nthawi zambiri funso lanu limayankhidwa pomwepo. Mwachitsanzo, malamulo a IPSC, bungwe la padziko lonse la masewera owombera ngati amenewa limene linakhazikitsidwa mu 1976, salola kuwombera chandamale chachitsulo muli pafupi: pisitolo ikhale mamita 7 kapena kuposa, chifefe cha tinjere (timipira tachitsulo tambiri totuluka pamodzi n'kumwazika) mamita 5, chifefe cha slug (chipolopolo chimodzi chachikulu) mamita 40, raifolo mamita 50. Chifukwa chake n'chakuti zidutswa zimanjanja n'kubwerera kwa wowombera. Ndiye ngati malo okhawo amene akukwana mamita 50 ndi poyambira paja, raifolo yadzisankha yokha.

Ngati mwapatsidwadi ufulu, yambani ndi mfuti imene imafuna thupi lodekha, ndipo imeneyo ndi raifolo ya zandamale zakutali. Taganizani: mpope wa raifolo zambiri za mpikisanowu ndi wa masentimita pafupifupi 40. Kukamwa kwake kukangosuntha ndi milimita imodzi yokha, pa mtunda wa mamita 200 chipolopolo chapita pambali pafupifupi theka la mita. Tsono munthu amene wathamanga ndi mfuti ziwiri kale, mtima ukugunda m'khosi, wefuwefu ali pakamwa, adzaona chitsulo chija chikuvina m'galasi loyang'anira chandamale la pa raifolo. Awombera kanayi kapena kasanu pofuna chandamale chimene akanachilasa kamodzi akadali wopuma bwino. Pisitolo ndi chifefe zimakhululuka, zandamale zake zili pafupi.

Chifefe ndiye chimafuna masamu, ndipo apa ndi pamene ongoyamba amataya nthawi yambiri. Magazini (kabokosi ka zipolopolo kolowetsa pa mfuti) ya raifolo imanyamula zipolopolo 30, ya pisitolo 15 mpaka 17, ndipo kusintha magazini ndi ntchito ya masekondi awiri kapena atatu. Chifefe m'magulu ambiri a opikisana chimayamba ndi 9 zokha, 8 mu chubu ya pansi pa mpope ndi chimodzi chokonzeka kuwomba, ndipo zowonjezera mumalonga ndi dzanja, chimodzichimodzi kapena ziwiriziwiri. Werengani zandamale zake. Zikakhala 14, dziwani kuti zisanu muyenera kulonga, osawerengera zophonya. Kulongako kuchitike mukuyenda kuchoka pamalo ena kupita pena, osati mutaima chilili nthawi ikupita. Choncho chifefe chiikeni pa chigawo cha bwalo chimene chili ndi ulendo. Musadikire kuti chithere zipolopolo. Onjezerani ziwiri kapena zinayi musanafike pa gulu lotsatira la zandamale.

Chenjezo lina pa chifefe chomwechi: mu chubu, chipolopolo cholowa pomaliza ndicho chimatuluka poyamba. Gawo likafuna tinjere ndi slug pamodzi, ambiri amasokoneza ndondomeko, n'kuwombera chitsulo chapafupi ndi slug. Kumeneko n'kuchotsedwa mu mpikisano. Gulani slug za utoto wosiyana ndi zatinjere, muziike mbali yakeyake pa lamba, ndipo nenani ndondomekoyo pakamwa mukamalonga.

Pisitolo ife timakonda ikhale yomaliza. Ili m'chiuno, ikuyenda nanu paliponse popanda kukulemetsani manja. Mukayamba nayo, muyenera kuitula m'ndowa yotuliramo mfuti musanatenge mfuti ina, ndipo mipikisano yambiri siilola kubwerera ku mfuti imene mwatula. Mukaisunga, ndipo malangizo akalola, ingakupulumutseni pa chitsulo chimene chifefe chasiya chili chiimire.

Komabe musaumirire. Bwalo lina analikonza moti zandamale zakutali zimaoneka pa malo omaliza okha. Zikatero musathamange chamtsogolo kenako n'kubwerera, mamita 20 obwererawo akudyerani masekondi asanu kapena kuposa. Tsatirani njira mmene yayendera, ndipo mukafika pa raifolo tsamiritsani mfuti pa chotchinga, pumani mozama kawiri, womberani mpweya utatuluka. Masekondi awiri opumawo ndi ochepa poyerekeza ndi chilango cha chandamale chophonyedwa.

Posinthana mfuti ndi pamene anthu amachotsedwa kwambiri. Mfuti yotulidwa ikhale yopanda chipolopolo kapena sefuti (kotsekera koletsa mfuti kuwomba) itatsekedwa, malinga ndi malangizo a tsikulo, italoza kumene aloza eni bwalo. Chala chituluke pa thiriga (pokoka kuti mfuti iwombe) nthawi yonse imene mukuyenda kapena kulonga. Kukamwa kwa mfuti kusapitirire madigiri 90 kumanja kapena kumanzere. Chifefe chimakonda kupatuka pamene maso ali pa lamba kufuna zipolopolo. Ndipo pobwera ku tchuthi ku Namwera, mfuti zitsale ku Joni konko pokhapokha muli ndi ziphaso za mayiko onse amene mudutsemo.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wa zaka 17 anaonera masewera a Olympics ndipo akuti akufuna kuphunzira kuwombera. Ayambe ndi mfuti yanji? — Mayi wa ku Monkey Bay

YANKHO: Mayi, ayambe ndi mfuti ya mpweya. Imeneyi si chidole ayi, ndi imene amapikisana nayo ku Olympics pa mtunda wa mamita 10: kanjere kake ndi ka mamilimita 4.5, amawombera maulendo 60, ndipo kadontho kapakati pa chandamale cha raifolo ndi ka theka la milimita. Ilibe phokoso lalikulu ndipo siikankha phewa, choncho mwana saphunzira chizolowezi chotsinzina ndi kudzidzimuka, chimene chimavuta kuchichotsa chikakhazikika.

Musanagule, pitani ku polisi mukafunse za chiphaso, ndipo mupeze mphunzitsi wodziwa amene azikhalapo nthawi zonse. Mwanayo azivala magalasi oteteza maso. Kumbuyo kwa chandamale kukhale mulu wa dothi kapena khoma lokhuthala, pamalo obisika ku mphepo, poti mwera wa miyezi yozizira umakankha kanjere kopepukako. Asalozetse kunyanja ngakhale pang'ono. Kanjere kakagunda madzi kamadumpha n'kupitirira, ndipo kugombe sikusowa asodzi ndi ana osamba.