Modchip yalowa mu PlayStation koma chimbale chokopera chikukanabe: vuto lili pati?

Owerenga ena andilembera imelo yodandaula. Iwo ali ndi PlayStation yoyambirira ya mtundu wa SCPH-7502, ndipo aikamo modchip (kachipangizo kothandiza makina kulandira zimbale zokopera) yamiyendo 8 potsata chithunzi chimene anachipeza pa intaneti. Makinawo akuyaka, zimbale zoyambirira zikusewera ngakhale kuti mavidiyo ake amadukizadukiza, koma akaika chimbale chimene anakopera okha, makinawo amangowafikitsa pa menyu ya memory card ndi nyimbo. Funso lawo ndi lakuti: kodi chip yafa, ndigule ina?

Bambo, musagule kaye ina. Chip imeneyi ili ndi ntchito imodzi yokha, ndipo ambiri amaiimba mlandu pa zolakwa za zigawo zina. Chimbale chenicheni cha PlayStation chili ndi zilembo zinayi zobisika m'kukhotakhota kwa kanjira kamene laser imatsata chakumayambiriro kwa chimbalecho: SCEE ya ku Ulaya, SCEA ya ku America, ndi SCEI ya ku Japan. Makina okopera zimbale sangathe kulemba kukhotakhota kumeneku, choncho chokopera chimafika chopanda chizindikiro. Modchip imangonena zilembozo m'malo mwa chimbale, pa nthawi imene makina akuzidikira. Kuwerenga gemu yeniyeniyo si ntchito yake, ndi ntchito ya diso la laser.

Pachifukwa ichi, kuyesa koyamba kumene ndimakonda sikufuna chowotcherera. Bwerekani chimbale chenicheni cha chigawo china, mwachitsanzo cha ku America, popeza makina anu ndi a ku Ulaya. Chimbale chotere laser imachiwerenga mosavuta chifukwa ndi chochokera kufakitale, koma makina sangachilandire popanda chip. Chikasewera, dziwani kuti chip yanu ili bwino ndipo mawaya mwalumikiza molondola, vuto lili pa laser kapena pa chokoperacho. Chikakana, bwererani ku bodi, thabwa la zamagetsi la m'kati mwa makina limene munalumikizapo chip. Musadabwe chithunzi chikatuluka chopanda mitundu, chifukwa gemu ya NTSC (kaonetsedwe ka zithunzi ka ku America ndi ku Japan) pa makina a PAL (ka ku Ulaya) imaoneka yakuda ndi yoyera mukagwiritsa ntchito waya wachikasu uja, ndipo waya wa RGB ndi umene umakonza zimenezo.

Tinene kuti chakana. Zulani pulagi musanatsegule, ndipo musakhudze gawo lamagetsi lili pambali, popeza tizipangizo take totchedwa ma capacitor timasunga mphamvu ngakhale makina atazimitsidwa. Chinthu choyamba kuyang'ana ndi nambala yolembedwa pa bodi yeniyeniyo, osati ya pansi pa chikuto. Sony inasintha bodi kangapo: PU-7 ndi PU-8 m'makina oyambirira, kenako PU-18, PU-20, PU-22, PU-23, ndi PM-41 mu PSone yaing'ono ija. M'makina a SCPH-7502 mumapezeka PU-22, ndipo kuyambira pa bodi imeneyi njira imene chizindikiro chimadutsa inasintha, moti chithunzi cha PU-18 sichingakuthandizeni ngakhale malo ena akuoneka ofanana. M'kalata yanu simunatchule bodi imene chithunzi chanu chikusonyeza, ndipo ine ndikukayikira pamenepa kuposa pena paliponse.

Kenako tsimikizani kuti chip simunaizondotse. Mwendo woyamba uli pafupi ndi kadontho kapena kamphako kapamwamba, ndipo powerenga mumatsika mbali imodzi n'kukwera mbali inayo. Apa pali msampha umene wapsereza ma chip ambiri: pa PIC12C508, imene ma chip monga MM3 ndi Mayumi amagwiritsa ntchito, magetsi amalowa pa mwendo 1 ndipo ground (pobwerera magetsi) ili pa mwendo 8, pamene pa ATtiny85 ya PsNee magetsi amalowa pa mwendo 8 ndipo ground ili pa mwendo 4. Zonse ziwiri ndi tinthu takuda tamiyendo 8, ndiye munthu wotopa usiku amazisokoneza mosavuta.

Tsopano tengani multimeter, chipangizo choyezera magetsi, muiike poti izilira mawaya akagundana, ndipo muyese waya uliwonse kuchokera pa mwendo wa chip kukafika pa bodi. Musaike nsonga pa mtovu umene mwawotcherera, koma pa mwendo wa kachipangizo kamene njirayo ikupitako, chifukwa mtovu ukhoza kukhala pamwamba osagwira chitsulo. Polumikiza pabwino pamaoneka posalala ndi pong'anima, pamene pozizira pamakhala ngati kampira kotuwa. Pamenepo pakani flux (mankhwala othandiza mtovu kugwira), mutenthetsenso mwachangu pa madigiri a Celsius pafupifupi 330, osachedwetsa nsonga ya chowotcherera, chifukwa timalo tamkuwa ta pa bodi timamatuka tikapsa kwambiri, ndipo kubwezeretsa kamene kamatuka ndi ntchito yolemetsa kuposa kuika chip. Yesaninso miyendo yoyandikana kuti muone ngati mtovu sunailumikize. Mawaya akhale opyapyala a saizi ya 30 AWG, aafupi, ndipo chip muikulunge kuti isakhudze chitsulo chophimba bodi mukatseka. Ndaonapo makina amene ankagwira bwino ali otsegula n'kufa akangomangidwa, chifukwa chitsulocho chinkatsina waya umodzi.

Komabe mawu anu akuti mavidiyo amadukiza ngakhale pa zimbale zenizeni akundiuza kuti laser yanu yatopa, kaya chip ili bwino kapena ayi. Chimbale cha CD-R chimabweza kuwala kochepa poyerekeza ndi cha kufakitale, choncho diso limene likuvutika ndi chenicheni silingapirire chokopera. Pukutani diso ndi kathonje konyowetsa mu spiriti ya isopropyl, lowetsaninso bwino kalamba kopyapyala ka mawaya a laser kamene munachotsa potsegula, ndipo kopaninso gemu pa chimbale chabwino, pa liwiro lochepa, kuchokera pa fayilo ya cue (imene imafotokoza mmene zigawo za chimbale zasanjidwira) osati ya bin yokha. Kachipangizo kopotoza kowonjezera mphamvu ya laser ndikukulangizani kuti mukasiye mpaka pomaliza, chifukwa kukapotoza mopitirira kumafupikitsa moyo wa diso. Kugula gawo lonse la laser logwirizana ndi makina anu n'kwanzeru kuposa kulikakamiza.

Magemu ena angakanebe zonse zitakonzeka, ndipo zimenezo si umboni wakuti mwalakwitsa. Magemu ena a PAL ali ndi chitetezo cha LibCrypt, chimene chimabisala mu subchannel, gawo lapadera la deta ya pa chimbale, ndipo kukopera kosatenga gawo limenelo kumapereka gemu yoima pakati. Ena amafufuza ngati chip ikupitiriza kutumiza zilembo gemu itayamba kale, ndipo amenewa amafuna chip ya stealth, imene imakhala chete ikamaliza ntchito yake. Za malamulo, kumbukirani kuti amasiyana dziko ndi dziko, ndipo ine ndikunena za kukopera zimbale zimene munagula nokha.

Mukandilemberanso, nditumizireni nambala ya bodi, dzina la chip, zotsatira za chimbale cha chigawo china, ndi chithunzi chooneka bwino cha pamene mwawotcherera.