Funsani Mlenje: geji 12 kapena 20 pokasaka nkhukundembo za m'tchire?

FUNSO

Zikomo achimwene. Ine ndimakhala ku South Bend kuno ku Indiana, ndimagwira ntchito pa fakitale ina ndipo anzanga a kuntchito andiumiriza kuti Epulo akubwerayu ndipite nawo kokasaka nkhukundembo za m'tchire, ndavomera koma mfuti sindinagwirepo chibadwire. Nde vuto ndi loti aliyense akundiuza zake, wina akuti gula geji 12 ya zipolopolo zitalizitali zija apo ayi ukabwerako chimanjamanja, wina akuti 20 ndi yokwanira, wina mpaka akuti .410 bola. Ine thupi langa ndi laling'ono komanso ndalama zake si zambiri, kumudzi akudikiranso ine ndemwe. Ndigule iti? Komanso manambala amenewa akutanthauza chani kwenikweni?

Wosokonezeka, South Bend

YANKHO

Achimwene, zikomo kwambiri polemba ndipo mwachita bwino kufunsa musanatulutse ndalama. Ndikuyankheni mwachindunji kaye kenako ndifotokoze: kwa munthu woyamba kumene, wa thupi ngati mukunenalo, ine ndingakuuzeni kuti tengani geji 20 yolandira zipolopolo za mainchesi 3. Ngati m'modzi wa anzanuwo ali ndi geji 12 yoti angakubwerekeni chaka choyambachi, bwerekani, ikanimo za mainchesi 3 basi, ndalama zanu zipite kaye ku zipolopolo ndi ku mapepala. Zazitali za mainchesi 3 ndi theka zija zisiyeni.

Koma tisanafike pa mfuti pali nkhani ya mapepala imene sindingaidumphe chifukwa ikukhudza ifeyo obwera. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa munthu amene analowa m'dziko ndi viza ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti olo zipolopolo, pokhapokha akhale m'magulu ochepa amene lamulolo lawalola, ndipo gulu limodzi mwa amenewo ndi la anthu amene ali ndi laisensi yosakira yogwira ntchito. Wa green card alibe vuto limeneli. Amene mapepala ake anatha kapena alibiretu, asagwire mfuti ngakhale yobwereka, ngakhale pongojambulitsa chithunzi, ndi mlandu waukulu woti ukhoza kukupititsani kundende kenako kukukwezani ndege. Nde yambani ndi laisensi, mfuti pambuyo. Ku Indiana konko ngati munabadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 mukuyenera kuchita kaye kosi ya alenje, kapena kutenga laisensi ya wophunzira yoti muzisaka muli ndi munthu wamkulu wa laisensi pambali panu. Nyengo ya Epulo mpaka Meyi amalola mbalame imodzi yokha, yaimuna kapena ya ndevu, ndipo mukaipha mumailembetsa pasanathe maola 48. Kabuku ka malamulo ka a DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona zachilengedwe, kamatuluka chaka ndi chaka, kawerengeni nokha musangodalira za pakamwa, mmenemo ndi mmene mulinso mageji ndi masaizi ololedwa a timipira ta m'kati mwa zipolopolo.

Tsopano manambala aja. Geji ndi muyeso wakale wa kukula kwa chibowo cha mpope wa mfuti: amawerenga kuti timipira tingati ta mtovu tokwana ndendende m'chibowocho tingalemere paundi imodzi. Ngati ndi 12 nde geji 12, ngati ndi 20 nde geji 20, choncho nambala ikamachepa mpope ukukula. Geji 12 chibowo chake ndi pafupifupi mamilimita 18.5, geji 20 ndi 15.6, geji 10 ndi chimfuti chachikulu cholemera choti masiku ano alenje a nkhukundembo ambiri anachisiya. Ya .410 ija si geji ayi, ndi muyeso wa chibowo mu mainchesi, ndipo ndi kakang'ono kuposa zonsezi.

Chimene anzanu aja sanakuuzeni nchakuti nkhukundembo simaiombera pathupi. Tambala wake wamkulu amatha kulemera makilo 8 mpaka 11, nthenga za m'mapiko ndi zolimba zedi, pachifuwa pali mnofu wokhuthala, mukaombera pamenepo mbalame imathawa kapena kuuluka kukafera kutali inu osaipeza, ndipo palibe chinthu chimandipweteka mtima ngati chimenecho, nyama yovulala yongotayika m'tchire. Timaloza pamutu ndi pakhosi, malo ochepa kwambiri, ndipo chofunika nchoti timipira tokwanira tifike pamalo ochepawo tili ndi mphamvu yoswa fupa. Mbalame sidziwa kuti timipirato tachokera mu geji 12 kapena 20. Kampira ka saizi 5 (nambala ya saizi ikamakwera kampira kakuchepa) kotuluka mu 20 kamaboola pafupifupi chimodzimodzi ndi kotuluka mu 12, kusiyana kwake nkoti 12 imanyamula tambiri. Chipolopolo cha geji 12 cha mainchesi 3 chimakhala ndi ma aunsi 1¾ a mtovu, pa saizi 5 amenewo ndi timipira pafupifupi 300. Cha geji 20 chimakhala ndi 1¼, timipira topitirira 200 pang'ono. Nchifukwa chake kwa zaka zambiri akuluakulu amati 12 basi, ndipo panthawiyo samanama.

Zinasintha ndi kubwera kwa timipira ta chitsulo cholemera cha tungsten totchedwa TSS. Mtovu umalemera magalamu 11 ndi pang'ono pa sentimita imodzi mbali zonse, TSS imalemera 18, nde kampira kakang'ono kwambiri ka saizi 9 kamalowa mkati mofanana ndi ka mtovu ka saizi 5, ndipo poti ndi tating'ono timakwana tambirimbiri, pafupifupi 360 pa aunsi imodzi pamene ta mtovu ta saizi 5 timakhala cha m'ma 170. Werengani nokha: geji 20 yokhala ndi aunsi imodzi ndi theka ya TSS 9 ikuponya timipira toposa 500, kuposa geji 12 ya mtovu ija. Kampani ya Federal inayamba kugulitsa zipolopolo zimenezi mu 2018 ndipo kuchokera pamenepo alenje ambiri akhala akutsikira ku 20 ndi .410. Koma mtengo wake achimwene, chipolopolo chimodzi chimatha kupitirira madola 10, kabokosi kamakhala ndi zisanu zokha. Ine ndimaona kuti kwa munthu wololedwa mbalame imodzi pa nyengo, kabokosi kamodzi kapena tiwiri si nkhani yoti nkusowa nayo tulo, komabe ngati thumba silikulola musadzimvere chisoni, mtovu wa saizi 5 kapena 6 mu geji 20 ukuphabe nkhukundembo bwinobwino bola mbalameyo muidikire ifike mayadi 30. Za mtovu za Long Beard XR za Winchester nazonso zimagwirizanitsa timipira bwino ndipo mtengo wake ndi wofikirika.

Ndiye bwanji ndikukuletsani zazitali zija? Chifukwa cha phewa lanu. Chipolopolo cha mainchesi 3 ndi theka, chimene Mossberg ndi Federal anabweretsa mu 1988, chimanyamula ma aunsi 2 kapena kuposa ndipo chimamenya phewa koopsa, makamaka mu mfuti yopepuka ya pampu, yoti mumakoka chogwirira cha kutsogolo kuti chipolopolo china chilowe, komanso kumbukirani kuti mudzakhala mutakhala pansi mutatsamira mtengo, thupi lilibe kothawira. Munthu woyamba akamenyedwa choncho kawiri katatu poyeserera, thupi limaphunzira kuopa, amayamba kutsinzina ndi kudzutsa mutu asanamalize kukoka thiriga, ndipo chizolowezi chimenechi chikalowa chimavuta kuchotsa. Tsiku losaka, mbalame ili apo mayadi 20, timipira tonse tikadali pamodzi ngati nkhonya, iye wagwedeza mpope pang'ono, basi waphonya. Anthu ambiri amene amaphonya nkhukundembo amaphonyera pafupi choncho, mfuti yaikulu ili m'manja. Geji 20 imapepukanso ponyamula, cha m'ma kilo 3, ndipo zimenezi mudzazimvetsa pamene tambala waima kuseri kwa chitsamba akukuyang'anani inu mfuti ili pa bondo mphindi zambirimbiri osaloledwa kusuntha olo chala, chifukwa maso a mbalame imeneyi ndi akuthwa zosasimbika. Chenjezo lokha nloti 20 yopepuka kwambiri yokhala ndi chipolopolo cholemera nayo imamenya ndithu, musaganize kuti ndi choseweretsa. Za semi-auto, zodzilowetsera zokha chipolopolo china pogwiritsa gasi wotuluka poomba, zimafewetsako kumenyako koma ndi zodula, ya pampu monga Mossberg 500 kapena Remington 870 ikukwanirani ndipo zogwiritsidwa kale ntchito zimapezeka zambiri.

Kunena zoona geji 12 ili ndi ubwino wake umene sindingaubise. Zipolopolo zake zimapezeka shopu ina iliyonse, mitundu yake ndi yambiri, ndipo ngati mukuganiza zodzasakanso abakha ndi atsekwe kutsogoloku nde 12 ndi imene ingakutumikireni pa zonse. Pitani ku shopu, nyamulani zonse ziwiri, ikani paphewa mutavala jekete lomwe mudzavale kutchire, imene tsaya lanu likukhala bwino ndipo chala chikufika pa thiriga osatambasula khosi ndi yanu imeneyo. Anthu a mikono ifupiifupi amathandizika ndi za chitako chachifupi zimene amazilemba kuti youth kapena compact, palibe chamanyazi pamenepo.

Mukagula, ntchito yeniyeni ndi yoyesa mfutiyo poomba papepala ndipo iyi musaizembe. Kumapeto kwa mpope kumalowa kachitsulo kotchedwa choke kamene kamapanikiza timipira kuti tisabalalike msanga, pa nkhukundembo timaika full kapena extra full, ndipo ngati mukugwiritsa TSS onani kuti choke yanuyo analemba kuti imalola tungsten. Pezani chipepala chachikulu, jambulani mutu ndi khosi pakati, imikani pa mayadi 40, amenewo ndi mamita 36 ndi pang'ono, khalani pansi monga mudzakhalire kutchire muombere. Kenako jambulani mzere wozungulira wa mainchesi 10 pamene timipira tachulukira muwerenge timabowo. Muyeso umene alenje ambiri amatsatira ndi timabowo 100 mkati mwake. Zikapanda kukwana sunthani pepala pa mayadi 35, zikakanikabe 30, pamene zakwanira nde malire anu amenewo ndipo simuombera kupitirira apo olo anzanu akunong'onezeni bwanji. Muonenso ngati pakati pa timabowo pali pamene munaloza, chifukwa mfuti zambiri zimaponya m'mwamba pang'ono kapena kumbali, ndipo zikatero kagalasi ka kadontho kofiira kamathandiza kwambiri. Ombaninso kamodzi pa mayadi 15 muone nokha kuchepa kwa malo amene timipira timagwa. Poyeserera kagwiridwe gwiritsani zipolopolo zotchipa zopepuka, zodula zija muombe ziwiri zitatu zotsimikizira basi, ndipo zotsekera m'makutu muvale nthawi zonse.

Zina zingapo za chitetezo poti mukupita ndi anzanu a mageji osiyana. Chipolopolo cha 20 chikalowa mu mfuti ya 12 chimatsetserekera mkati mwa mpope nkukakamira, munthu nkuikanso cha 12 pambuyo pake, akaomba mpope umaphulika. Nchifukwa chake za 20 amazipanga zachikasu, musasakanize m'thumba limodzi. Pa mpope analembanso utali wa chipolopolo chimene mfutiyo imalandira, chachitali kuposa pamenepo musaikemo olo chikulowa. Ndipo kutchire musavale chofiira, choyera kapena chabuluu, imeneyo ndi mitundu ya mutu wa tambala, khalani motsamira mtengo waukulu kuposa mapewa anu, ndipo mukamva kulira musakuzembere chifukwa mwina ndi mlenje mnzanu akuitana.

FUNSO

Bambo, mwana wanga wamkazi wa zaka 13 akufuna kumapita ndi bambo ake kosaka kuno ku Missouri. Bambo akewo akuti amugulire .410 poti simenya. Ine mtima uli m'mwamba, kodi kamfuti kameneka nkoyenera mwana?

Mayi wodandaula, Missouri

YANKHO

Mayi, nkhawa yanu ndi yomveka ndipo bambowo sakulakwitsa kwenikweni. Ya .410 yokhala ndi TSS saizi 9 imaponya timipira pafupifupi 300 ndipo pa mayadi 30 imagwira ntchito bwino, kumenya kwake nkochepa moti mwana saopa. Koma imadalira TSS yokhayokha, mukaikamo mtovu wamba timipira timachepa kwambiri ndipo mwana adzangovulaza mbalame, nde ngati bambowo sali okonzeka kugula zodulazo bola geji 20 yachifupi yokhala ndi zipolopolo zopepukirako. Ine kwa mwana ndimakonda ya chipolopolo chimodzi yothyola pakati monga Stevens 301, chifukwa ikathyoledwa aliyense akuona ndi maso kuti mulibe kanthu, ndipo mwana amaphunzira kudikira poti alibe chachiwiri. Ayambe ndi kosi ya alenje, inunso mukhoza kulowa naye kuti mtima ukhale pansi, ayeserere papepala atavala zotsekera m'makutu mfuti itatsamira pa kandodo kochirikizira, bambo ake akhale pambali pake penipeni osati mtengo wina, ndipo kunyumba mfuti ikhale yokiyidwa, zipolopolo kwina, makiyi kwa akuluakulu. Bambowo aonenso kabuku ka malamulo ka Missouri Department of Conservation ka chaka chimenecho pa nkhani ya saizi ya timipira ndi masiku osakira ana, chifukwa kumeneko ana amakhala ndi wikendi yawoyawo nyengo ya akuluakulu isanayambe.