Yankho la azakhali pa za ku Wellcome Collection

Eee, mwana wa achimwene, wadzuka bwanji kozizirako? Kuno ku Lusaka tadzuka, kungoti dzuwa lanyanya. Ndaona funso lako pagulupu, loti anzako akuti mupite Loweruka ku Wellcome Collection, nyumba yoonetsera zinthu zokhudza mankhwala ku London, kodi n'koyenera kapena n'kungotaya ndalama. Ndati ndingolankhula, kulemba kundichedwetsa.

Pita mwanawe, usachite kuganiza kawiri. Polowa salipiritsa, iwe ungokonza ya thiransipoti basi. Ili pa Euston Road, pafupi kwambiri ndi siteshoni ya Euston.

Mwini dzinalo, Henry Wellcome, anali wa ku America, katswiri wa zamankhwala. Mu 1880 anayambitsa kampani ku London ndi mnzake Silas Burroughs, nalemera ndi mapiritsi. Ndalamazo ankagulira chilichonse chokhudza matenda ndi machiritso m'maiko onse, mipeni ya madokotala, zithumwa, zojambula, moti pomwalira mu 1936 anasiya zinthu zoposa miliyoni imodzi. Nyumba yoonetseramo imeneyi inatsegulidwa mu 2007.

Ukalowa, funsa chipinda chotchedwa Being Human. Ine chimene chinandiimika ndi chiboliboli chimene anapanga katswiri wa zaluso Yinka Shonibare. Ndi munthu wovala zopitira kumwezi, koma zosokedwa ndi chitenje, chitenje chenicheni! Kumsana wabereka ukonde wodzaza katundu wa m'nyumba, ngati anthu aja timawaona pa siteshoni ya mabasi ya Intercity m'mamawa. Akuthawa dziko loti laonongeka. Ndinaima pamenepo, mtima uli myuu. Momwemonso muli zipangizo zoikira chimbudzi cha munthu wathanzi m'matumbo a wodwala. Usanyansidwe, ndi mankhwala ndithu, amabwezeretsa tizilombo tabwino tikatha ndi maantibayotiki. Iwe wa zaunamwino uzionetsetse zimenezo.

Koma pali china chimene ndikufuna upite ukuchidziwa. Chipinda chakale cha katundu wa Wellcome, Medicine Man, anachitseka mu Novembala 2022. Eni ake anavomera okha kuti chinkakweza mzungu wolemera mmodzi, pamene anthu akuda ndi olumala ankangooneka ngati zinthu zoonerera. Pa katundu wa Wellcome panalinso chithunzi cha mmishonale akuthandiza munthu wakuda wodwala, ngati kuti kuno kunalibe wodziwa mtengo ngakhale umodzi. Ine ndimati anachita bwino, komabe kutseka chitseko kokha sikukwanira. Zithumwa ndi nsupa zija zinali ndi eni ake, anali ndi maina, ndi midzi yawo. Agogo ako kwathu ku Katete ankadziwa muzu wa m'mimba, wa chifuwa, wa mwana akamamera mano. Nzeru imeneyo ndani akuilemba?

Paja ukudziwa kuti Livingstone anafera kuno, kwa Chitambo, mu 1873? Mankhwala ake a malungo, osakaniza ndi kwinini, kampani ya Wellcome yomweyo inadzawagulitsa ngati mapiritsi, ankati Livingstone's Rousers. Ndiye nkhani yathu ilimo, mwana wanga, siulowa ngati mlendo ayi.

Ukabwera pa Khirisimasi ndidzakutenga ku Lusaka National Museum pa Independence Avenue. Pansi pali zojambula za akatswiri athu, pamwamba pali nsupa ndi zina zimene amati n'zaufiti. Ndikufuna udzafananize wekha, undiuze mmene waonera.

Ujambule chiboliboli chija utumize pagulupu pano, atate ako sakhulupirira za chitenjezo. Uvale juzi. Basi, ndathira madzi a nsima pamoto, tilankhulanso.