Atsikana 24 atsala 9, vuto si madirilo aphunzitsi

Imelo yabwera Lachiwiri kuchokera kwa aphunzitsi ena a pulaimale, akuti anawapatsa timu ya mpira wamiyendo ya atsikana osakwana zaka 14, poyamba amabwera 24 pano atsala 9 ligi isanafike ndi pakati pomwe, ndiye akufuna madirilo, timasewera tophunzitsira mpira pa tireningi, oti ana asamaboweke nawo. Aphunzitsi, ndinaiwerenga ndikukhala kaye phee, chifukwa ine ndemwe ndinafunsapo zomwezi ndipo ndinataya mwezi wathunthu ndikusaka madirilo pa YouTube pomwe nkhani inali kwina.

Timu yanga inali pa kabwalo kafumbi ku Lilongwe kuno, mipira iwiri, winawo wotuluka mpweya, makoni athu anali mabotolo a Sobo odzaza mchenga. Ndinali ndi kamtsikana kovala nambala 9, ka mwendo wamanzere, kokulira pa chikulunga ndi azichimwene ake, kakagwira mpira anyamata oonerera amasiya kuseka. Kanagoletsa ziwiri Loweruka lina, Lolemba sikanabwere, sabata yonse zii. Ine mmutu mwanga ndinati katukumuka, ndipo mkwiyo wanga unathera pa otsalawo, kuwathamangitsa kuzungulira bwalo ngati iwo ndi amene alakwa. Patatha masabata atatu ndipamene ndinapita kwawo. Ndinapeza agogo ake ali pamkeka akusankha nyemba, anandipatsa kampando, tinapatsana moni bwinobwino, kenako osakweza ndi mawu omwe anangoti, "Bambo, mpira wanuwo umatunga madzi?"

Ndinasowa poyambira. Tireningi yathu imatha cha m'ma 5 koloko ndi theka, mwana akafike kunyumba kwada, kumjigo mzere wa zidebe, moto sunakolezedwe, mng'ono wake sanasambe. Mnyamata akachoka ku mpira amapeza nsima ili m'mbale, mtsikana amapeza ntchito yake ikumudikira ndi mawu pamwamba. Ine ndinangotenga ndandanda ya anyamata ndikuiika pa atsikana basi.

Ndipo apa ndinene, anthu amakonda kunena kuti masiku ano makolo anasintha chifukwa cha a Chawinga. Inde Tabitha ndi Temwa anachokera ku Rumphi mpaka kufika komwe aliko, timu ya dziko ya amayi ya Scorchers inatenga chikho cha COSAFA mu 2023 itachinya Zambia 2-1, Temwa anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024 ndi Kansas City Current, zonsezo nzoona ndipo ndinawaonetsa agogowo chithunzi pafoni. Anachiyang'ana, anati ndi mwana wooneka bwino, ndikubwerera ku nyemba zawo. Chithunzi sichiphika. Komanso pamasukulu ambiri bwalo lalikulu ndi la anyamata, atsikana amauzidwa kuti pitani ku ntchembere mbaye kapena dikirani amalize, ndiye kudikirako ndi komwe kumatifikitsa mumdima. Kochi amene salimbana ndi ahedi pa nkhani ya nthawi ya bwalo asamadandaule kuti ana akuthawa, ndanena ine.

China chomwe mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Munthu wina wakufuna kwabwino anatipatsa yunifomu, makabudula oyera mbee, ine kusangalala kujambulitsa ndi zithunzi. Atsikana atatu akuluakulu anayamba kujomba masiku ena mwezi uliwonse, ine osazindikira kanthu, mpaka mayi wina wa mother group anandikokera pambali ndikundifunsa ngati ndili ndi mlongo. Makabudulawo tinasintha, tinagula akuda pa kaunjika, mayiwo anayamba kukhala nafe pabenchi ndi kachikwama ka mapadi ndi chitenje, ndipo ana amawauza iwo zinthu zoti ine sakanandiuza ngakhale nditakhala kochi wawo zaka khumi.

Ndiye mutani aphunzitsi

Lembani mayina a 15 asowawo muyende khomo ndi khomo, musatume mwana mnzawo, ndipo mupite ndi mayi. Tireningi iyambe akangoweruka, ola limodzi lakwana, kawiri kapena katatu pasabata, ikatha aziyenda m'magulu. A Sitandade 8 muwamasule mayeso akayandikira, makolo akaona zimenezo amakukhulupirirani. Madirilo mwafunsawo, agaweni anayi anayi pa kabwalo kakang'ono aliyense azikhudza mpira, osati mzere wautali kudikira kumenya kamodzi, ndipo pa gemu aliyense alowe ngakhale mphindi 10, wokhalira benchi masabata atatu sabweranso.

Nambala 9 uja anabwerera titagwirizana kuti Lachitatu ndi la kunyumba ndipo pofika 4 koloko azikhala atanyamuka. Agogo anabwera kudzaonera gemu imodzi yokha, tinaluza 3-1, pobwerera anandiuza kuti goloboyi wathu amaima patali kwambiri ndi golo.