Chindapusa cha £160 chifukwa choima mphindi ziwiri ku London

Mchemwali wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba ku London wandilembera imelo. Akuti anaima pamalo okwerera basi kwa mphindi ziwiri zokha kuti atsitse mnzake, kenako kunyumba kunabwera kalata ya chindapusa cha £160 yokhala ndi chithunzi cha galimoto yake. Funso lake ndi lakuti: kodi kamera ingalipiritse munthu popanda wapolisi kumuona, ndipo n'chilungamo?

Achemwali, lamulo limalola. M'chaka cha 2015 boma la Britain linaletsa makhonsolo a ku England kugwiritsa ntchito makamera pogwira oimika galimoto molakwika, koma linasiya malo angapo: njira za mabasi, pokwerera mabasi, pakhomo pa sukulu ndi misewu ya mizere yofiira. Mu 2020 anawonjezerapo njira za njinga zodulidwa ndi mzere woyera wosadukiza. Kamera imawerenga nambala, a DVLA (nthambi ya boma yosunga kaundula wa magalimoto) amapereka adiresi ya mwini galimoto, kalata n'kunyamuka.

Ndikudziwa kuti ndalamayo ndi yowawa kwa munthu wolipidwa pa ola, amenenso kumudzi akumudikira. Komabe pa nkhaniyi ine ndili kumbali ya kamera. Taganizirani agogo amene mumawasamalira aja ali pa njinga ya olumala. Basi ikalephera kufika m'mphepete mwa msewu chifukwa galimoto yatseka, dalaivala sangatsitse bwino chokwerera cha anthu a pa njinga za olumala, ndiye agogowo amatsala. Wapanjinga yakapalasa naye akapeza galimoto m'njira yake amakhotera pakati pa malole, ndipo ngozi zimayambira pomwepo. Aliyense woima amati ndi mphindi ziwiri zokha, koma akamasinthana tsiku lonse njirayo imakhala yotsekeka kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Woyang'anira woyenda pansi sangakhale paliponse, ndipo kamera siyang'ana nkhope kapena mtundu wa munthu.

Musangolipira musanaone umboni. Pemphani kuona zithunzi kapena vidiyo, mupitenso pamalopo mukaone ngati chikwangwani chikuoneka bwino komanso maola amene chikunena. Ngati chinabisika ndi mtengo kapena mizere inafufutika, jambulani ndipo mulembere amene anatumiza kalatayo. Akakana, apilo imapita ku London Tribunals, komwe oweruza ake ndi oima paokha. Koma ngati zonse zinali poyera, lipirani msanga masiku ochotsera olembedwa pakalatapo asanathe, chifukwa £160 imatsika kufika pa £80.